Chifukwa chake akuda anali ochepa mu Springboks

Mwafunsa ngati akuda a ku South Africa sankakonda rugby, popeza mu timu ya dzikolo ya Springboks imene inatenga chikho cha dziko lonse mu 1995 Chester Williams yekha ndiye sanali mzungu. Ayi, si choncho. M'chigawo cha Eastern Cape akuda akhala akusewera rugby kuyambira kalekale, koma ulamuliro wa tsankho unawapatula m'mabungwe awoawo n'kuwamana mabwalo abwino.

Lero, monga ndikuonera ine, vuto lagona pa maphunziro, chifukwa osewera ambiri a timuyi amachokera ku sukulu zowerengeka zodula. Ngakhale Siya Kolisi, amene anakhala kaputeni woyamba wakuda mu 2018, anatukuka atachoka kwawo ku Zwide, dera la anthu osauka, kupita ku Grey High School, imodzi mwa sukulu zoterezi, atapatsidwa thandizo la fizi.