Kapepala ka mfumu Decius

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akufunsa kuti mfumu ya Roma ikalamula, kodi panali munthu wokana, kapena onse ankangoti inde bwana?

Zikomo amayi. Ndikuyankheni ndi nkhani ya Decius, amene analowa ufumu mu 249. Atangokhala pampando analamula kuti anthu mu ufumu wonse apereke nsembe kwa milungu. Chimene chinawawitsa lamuloli ndi kapepala. Munthu ankaima pamaso pa akuluakulu a m'dera lake, n'kuthira nsembe ya chakumwa, kulawa nyama ya nsembeyo, akuluakuluwo n'kusaina kuti aona ndi maso awo. Timapepala timeneti, totchedwa libelli, tina tinapezeka ku Egypt, tolembedwa mu Juni ndi Julayi 250. Tangoganizani, zaka zonsezi dzina la munthu likadali pomwepo, ndi mboni zake.

Wopembedza milungu ya Roma sanavutike nazo. Akhristu ndiwo anaona zakuda. Fabian, bishopu wa ku Roma, anafera chikhulupiriro chake mu Januwale 250. Koma musaganize kuti onse analimba mtima chomwecho. Cyprian, bishopu wa ku Carthage, mzinda wa kumpoto kwa Africa, anadandaula kuti ambiri anathamangira okha kukapereka nsembe asanagwidwe n'komwe. Ena ochenjera anangopereka kangachepe kwa alembi, n'kutenga kapepalako osakhudza nyama.

Cyprian mwiniwake ndiye amandiganizitsa. Iye anathawa, nakabisala, n'kumayendetsa mpingo ndi makalata. Anthu anamunena kuti m'busa wathawa nkhosa. Patapita zaka zingapo, mfumu Valerian italamula kuti atsogoleri a mpingo aphedwe, Cyprian sanathawenso. Anakana kupereka nsembe pamaso pa bwanamkubwa, ndipo anamudula mutu pa 14 Sepitembala 258. Ine sindimutcha wamantha. Munthu yemweyo, wobisala uja, ndiye anaima nji itafika nthawi yomwe anaiona kuti ndi yake.

Decius sanakhalitse. Anafa mu 251 pomenyana ndi anthu a mtundu wa Goth ku Abrittus, m'dziko lomwe lero ndi Bulgaria, lamulo lake n'kuzilala. Mutu unatsalira mpingo: nanga ogonja aja abwerere bwanji? Mabishopu atakumana ku Carthage chaka chomwecho anagamula kuti ogula kapepala alandiridwe akalapa, koma amene anaperekadi nsembe adikire mpaka atadwala mwakayakaya.