Ndikufuna kukapumira kwathu ku Bangula

Funso: Zikomo a Malume. Ndakhala ku Leeds, ku UK, zaka zambirimbiri ndikugwira ntchito ya unesi, pano mawondo ayamba kudandaula ndiye ndikufuna ndikapumire kwathu ku Bangula, achimwene akuti ndizingotumiza ndalama iwo andimangira nyumba. Nditani?

Yankho: Mayi, kaye kaye ndalamazo. Bwerani nokha mudzaone malowo, makamaka mu Januwale kapena Febuluwale mvula ili pakati, mufunse anthu kuti madzi osefukira a 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu 2023 analekeza pati, ena akulozerani mzere wamatope pakhoma la tchalitchi, pamenepo ndiye mudziwa. Mangani kumtunda, fandeshoni yokwera, ndipo mjigo ulawidwe kaye chifukwa madzi ambiri kuchigwako ndi amchere.

Achimwene sitikuwakayikira ayi, koma mapepala a malo akhale m'dzina lanu, ndalama muzitumiza pang'onopang'ono mukaona zithunzi.

Penshoni ya boma la UK mukakhazikika ku Malawi siikwezedwanso chaka ndi chaka, imangoima pomwepo. Musaisinthe yonse kukhala makwacha, paja mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti.

Kutentha kwa Okutobala mukukukumbukira koma? Sola ndi fani zisasowe pa bajeti.