Tsabola wodzaza wa ku Mexico, wopanda kukazinga

Achemwali, mwafunsa mmene mungaphikire tsabola woika zinthu mkati ngati wa ku Mexico, popeza bambo akunyumba anauzidwa kuchipatala kuti achepetse mchere ndi zokazinga. Nkhaniyi yandikhudza, chifukwa nanenso ndinayamba kuphika chakudyachi amayi anga atapezeka ndi BP.

Kwawoko amachitcha chiles rellenos, ndipo n'chotchuka kwambiri mumzinda wa Puebla, kumene kunachokera dzina la tsabola wa poblano amene amagwiritsa ntchito. Amamuwotcha, kumusenda, kuikamo chizi kapena nyama yogaya, kenako kumuviika m'mazira n'kumukazinga m'mafuta ambiri. Kukazingako ndiye musiye. Poblano akavuta kupeza, green pepper wamkulu wa kumsika amakwanira.

Koma kuwotcha kokha, chonde musadumphe, chifukwa kukoma konse kuli pamenepo. Ikani tsabola wathunthu pa mbaula, pamakala penipeni, muzimutembenuza mpaka khungu lide mbali zonse. Musachite mantha kuti wapserera. Mukatero muponyeni mumpoto n'kuvundikira kwa mphindi 10. Nthunzi imafewetsa khungu moti limachoka ndi zala zokha. Ambiri amalakwitsa pomutsuka ndi madzi akasenda, fungo la utsi lija n'kupita nawo. Ingomupukutani, mumung'ambe mbali imodzi, muchotse njere mosamala kuti asaphwasuke.

Zoika mkati, pa tsabola asanu ndi mmodzi, ndimatenga makapu awiri a nyemba zophikaphika ndi kapu imodzi ya chimanga chachiwisi chokonola. Anyezi ndi adyo ndimafewetsa ndi supuni imodzi yokha ya mafuta, n'kuthira cumin ndi kakambuzi pang'ono, kenako nyemba ndi chimanga zija. Nyemba zina muziphwanye ndi mthiko kuti zonse zigwirane. Zimandisangalatsa kuti chimanga chathuchi chinayambira ku Mexico komweko, ndipo alimi a kumeneko amachibzala pamodzi ndi nyemba ndi maungu m'munda umodzi umene amautcha milpa, monga mmene agogo athu amachitira. N'chifukwa chake chakudyachi sichimveka chachilendo mkamwa.

Msuzi wake ndi wa tomato. Wotchani anayi pamoto womwewo, musinje pamodzi ndi anyezi ndi adyo, muwiritse kwa mphindi 10. Ndandalikani tsabola wodzazayo mumsuzimo, muwaze chizi pang'ono ngati chilipo, muike mu uvuni pa 190°C kwa mphindi 20. Ngati uvuni mulibe kapena magetsi azima, vundikirani poto n'kuika makala pachivundikiro ngati mukuphika chigumu, pansi moto wochepa.

Za mchere, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, kumene kuli pafupifupi tiyisupuni imodzi pa zakudya zonse za tsikulo. Timakyubu tokometsera ndiwo musaikemo, mumakhala mchere wambiri. Ngati nyemba zanu ndi za m'chitini, zitsukeni kaye. Pogawa finyirani ndimu, muwaze masamba a coriander, pambali pakhale peyala loduladula ndi supuni ya chambiko m'malo mwa kirimu. Amayi anga, amene ankati ndiwo zopanda mchere wokwanira sizimezeka, amadya awiri osaitanitsa mchere. Ana ndimawapatulira awo ndisanathire kambuzi.