Mpeni wa sipuling'i unang'alukiranji m'madzi?

Bambo wina wa ku Kapata, mu mzinda wa Chipata, wandilembera imelo kundifunsa chifukwa chimene mpeni wake wa ulenje, umene anausula kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, unang'alukira atangouviika m'madzi, komanso chikopa chimene angasokere chimake. Bambo, mwandikumbutsa zowawa, pakuti mpeni wanga woyamba unafa imfa yomweyo.

Ine ndinakulira pachipala cha amalume anga ku Katete, amene ankasula makasu ndi nkhwangwa, ntchito yanga ili yopemerera moto ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Nditakula ndinadziyesa mmisiri, ndipo ndinatha Loweruka atatu ndikupala chidutswa cha sipuling'i ndi tupa mpaka m'manja munatuluka matuza. Tsiku lolimbitsa ndinawotcha mpeniwo mpaka unachita chikasu, n'kuuponya m'ndowa ya madzi ozizira a pachitsime. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, "tiki!", ndipo nditautulutsa ndinaona mng'alu wochokera kukamwa kwake kufika kumsana. Amalume anauzunguza m'manja mwawo nati, "Mphwanga, chitsulo chochokera pamoto sachidzidzimutsa."

Ananena zoona. Masipuling'i ambiri ndi a chitsulo chotchedwa 5160, chokhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti ndi chromium pang'ono, ndipo chitsulo chotere chimalimba bwino m'mafuta. Madzi amaziziritsa kukamwa kopyapyala mofulumira pamene msana udakali wotentha, choncho mbali ziwirizo zimakokana mpaka chitsulo chimang'aluka. Komanso sipuling'i imene yayenda zaka zambiri m'misewu yokumbika imatha kukhala ndi ming'alu yobisika kale.

Chimene chimandinyansa masiku ano ndi changu. Anyamata akugula galayinda n'kupala mpeni kwa mphindi zochepa, kukamwa kwake kukusanduka kobiriwira ngati mlengalenga, osadziwa kuti mtundu umenewo ukusonyeza kuti kulimba kwatha. Ena akusula mipeni yaitali ngati zikwanje pofuna kuopseza anzawo. Mpeni wa ulenje ntchito yake ndi kusenda, ndipo masentimita 10 kapena 12 ndi okwanira. Wanga ndimasendera mbuzi pa Khirisimasi basi, popeza kusaka nyama zakutchire kumafuna layisensi ya Department of National Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, ndipo anthu a ku Mfuwe, pafupi ndi paki ya South Luangwa, amadziwa bwino zimene zimagwera wogwidwa alibe layisensiyo.

Zoti muchite

Musanole mpeni usanalimbitsidwe. Siyani kukamwa kwake kuli kokhuthala milimita imodzi. Uwotcheni pamakala mpaka maginito asiye kumata, zimene zimachitika pa madigiri 770 Celsius, onjezani moto pang'ono kufika cha ku 830, kenako uviikeni m'mafuta ophikira ofunda. Tupa ikaterereka osaluma, walimba. Nthawi yomweyo uikeni mu uvuni pa madigiri 200 kwa maola awiri, kawiri, mpaka uoneke ngati udzu wouma. Chikumbu chikhale cha mlombwa kapena muwanga.

Chimake musokere chikopa cha ng'ombe cha mamilimita atatu. Chinyowetseni, kulungani mpeni m'pulasitiki, n'kuchiumba pamenepo, ndipo pamsoko muikepo kamzere kena ka chikopa kuti mpeni usadule ulusi. M'nyengo ya dzinja musausiye m'chimake, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi ndipo 5160 sichedwa kuchita dzimbiri.