Moyo wa wosakhulupirira Mulungu: uli ndi tanthauzo?

Achimwene, mwafunsa ngati moyo wa munthu wosakhulupirira Mulungu uli ndi tanthauzo, poti kwa iye manda ndiwo mathero. Ine ndine Mkhristu, koma sindingafulumire kunena kuti ayi.

Ife tanthauzo timachita kupatsidwa. Augustine wa ku Hippo, bishopu wamakedzana, ankati mtima wa munthu sukhazikika mpaka utapumula mwa Mlengi wake. Komatu m'Baibulo momwemo Mlaliki akudandaula kuti zonse n'zachabechabe, ndiye tisamaname kuti ife funsoli silitisowetsa tulo.

Winayo tanthauzo amadzisulira yekha. Mu 1942 mlembi wa Chifalansa Albert Camus analemba za Sisyphus wa m'nthano za Agiriki, wogubuduza chimwala kukwera nacho phiri, chikagubudukira pansi n'kuyambiranso, ndipo anati tizimuona ngati wokondwa. Apo pokha ine zimandivutabe kumeza.

Koma izi ndinaona ndi maso anga. Mnzanga wina sapemphera n'komwe. Mayi ake atadwala, ankawatembenuza usiku, kuwamwetsa madzi ndi supuni, iye n'kumagona pansi pafupi ndi bedi. Nditamufunsa kuti akudzivutitsiranji ngati zonse zimathera m'dothi, anandiyang'ana nati, "N'chifukwa chaketu. Masiku awo ndi omwewa, ena kulibe."