Ana akamva za mmbulu amangoti chilombo: tiyambire pati?

Aphunzitsi ena a Sitandade 6 atilembera pa imelo. Akuti ana awo akamva za mmbulu amangoti "chilombo chodya anthu", ndipo akufunsa mmene angadziwire zimene anawo akudziwa asanayambe kuwaphunzitsa.

Zikomo aphunzitsi. Choyamba, samalani ndi dzinalo, chifukwa limatchula nyama ziwiri. Pali mmbulu wa kuno kwathu, wamawangamawanga, wa makutu aakulu obulungira. Mimbulu 14 yotereyi anaibweretsa ku Liwonde ndi ku Majete mu 2021. Ndiye pali wotuwa uja wa m'Baibulo ndi m'nthano za azungu, wonga galu wamkulu, wolemera makilogalamu 30 mpaka 50, wopezeka ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America. Mukafunsa popanda chithunzi, mwana wina ayankha za uwu, wina za uwo, wina za fisi. Matani zithunzi zitatuzo pabolodi, ana aloze okha.

Kenako musasakanize zimene mwana akudziwa ndi zimene zili mumtima mwake. Konzani mafunso 10. Asanu akhale ofufuza zimene mwana akudziwa: mmbulu umadya chiyani, umakhala wokha kapena pagulu? Asanu enawo akhale ziganizo monga "Ndingaope kuyenda m'nkhalango muli mimbulu", mwana asankhe eya, ayi kapena pakatikati. Asalembe dzina. Akalemba dzina amayankha zokondweretsa inu. Funso loti "Kodi mmbulu ndi woipa?" lipeweni, popeza yankho mwamupatsa kale.

Pophunzitsa, chimene chimawagwira mtima ana ndi chakuti gulu la mimbulu yotuwa ija ndi banja: bambo, mayi ndi ana awo. Bere limatenga masiku pafupifupi 63, ana amabadwa anayi mpaka asanu ndi mmodzi, osaona, ndipo akulu amawalavulira nyama yotafuna kale. Chakudya chenicheni cha mimbuluyi ndi nyama zakutchire monga agwape ndi nguluwe. Anthu imawathawa, yoopsa kwambiri ndi yachiwewe kapena yozolowera kupatsidwa chakudya.

Koma chonde, musachotse mantha n'kuikapo bodza lina loti mmbulu ndi kagalu kosewera nako. Ku Germany mimbulu inayambanso kuswana kutchire mu 2000, m'dera la Lausitz, ndipo imagwiradi nkhosa. Alimi amatchinga ndi mpanda wamagetsi wosachepera masentimita 90, ena amawetanso agalu olondera. Mwana amene kwawo fisi anagwirapo mbuzi nkhaniyi aimva msanga kuposa wa m'tauni, ndipo mkwiyo wake uli ndi chifukwa. Msiyeni alankhule, musamudule pakamwa.

Mafunso omwe aja muwabwereze pakatha mwezi, osati tsiku lomwelo, pamene ana amangobwereza mawu anu. Muwerengere padera magawo awiriwo: mayankho olondola amachuluka msanga, koma a mantha amasintha pang'onopang'ono.