Zoti umuna wamadzimadzi subereketsa

Eee mphwanga, ndamva funso lako lija, loti umuna ukamasungunuka n'kukhala ngati madzi ndiye kuti munthu sangabereke. Poti wafunsira pagulu ndiyankhanso pompano, azimayi mundikhululukire mawu enawa.

Ayi ndithu, kusungunukako ndiye kofunika. Mu umuna muja mbewu yeniyeni ndi yochepa zedi, siipyola 5 peresenti, zinazo ndi madzi ochokera ku tiziwalo ta abambo ta pafupi ndi chikhodzodzo totchedwa ma seminal vesicle ndi pulositeti, ndiye m'madzimo muli mapuloteni amene amalamulira mbewuyo. Ina amati semenogelin, imeneyo imapangitsa kuti umuna ukangotuluka ugwirane, mbewu imakhala yomangika siisambira bwino. Kenako puloteni ina ya ku pulositeti yotchedwa PSA, eya yomwe ija amayeza m'magazi mwa azibambo akamakayikira khansa, imabwera n'kuduladula semenogelin uja, pakamatha mphindi 15 kaya 30 zonse zasungunuka, mbewu yamasuka. Ku labu amadandaula ola likakwana umuna udakali wogwirana, osati ukasungunuka.

Komanso wamva, mbewu ikangopangidwa kumachende imakhala isanakhwime. Kupangidwa kokhako ndi masiku cha m'ma 70, ikatero imadutsa kaye m'kapaipi kopindikapindika kotchedwa epididymis, ukati ukatambasule ndi mamita 6 komatu kali pakamalo kochepetsetsa, mmenemo ndi momwe imalandira mapuloteni ena n'kuyamba kutha kusambira. Mapuloteni ena amaikuta kumutu ngati chipewa kuti isathe mphamvu nthawi isanakwane, amakachoka ikafika m'thupi mwa mayi, apo m'pamene ingaboole dzira.

Ndiye zoyang'ana ndi maso izi, kuti wanga ndi wolimba wako ndi wamadzi, n'zongonamizana basi. Bambo woti anatseketsa amatulutsa umuna wooneka chimodzimodzi koma mbewu mulibe olo imodzi.

Ngati chaka chatha mukuyesa osatheka, kayezetse, usangoti vuto ndi la alamu anga ayi, mupite nonse. Amakuuza ukhale masiku 2 mpaka 7 osagonana, kenako amaona kuchuluka ndi kayendedwe ka mbewu. Muyezo wa 2021 wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, umayambira pa 1.4 ml, mbewu 16 miliyoni pa ml iliyonse, ndipo 42 peresenti ikhale ikuyenda. Zikatuluka zotsika usathamangire kukhumudwa, makamaka ngati unadwalapo thupi n'kutentha kwambiri posachedwapa, kutenthako kumasokoneza, amakubwereza pakatha miyezi itatu. Zinazo undiimbire pandekha.